Momwe ndinapezera batani la Edit pa WhatsApp

Mu 2023 WhatsApp itabweretsa njira yokonzera uthenga womwe watumizidwa kale, mkazi wanga anaiona msanga pafoni yake. Ine ndikadina uthenga n'kugwira, mawu oti Edit sankatuluka. Zinkandiwawa ndithu, chifukwa nthawi zina ndimalakwitsa mitengo polembera makasitomala anga.

Nditatsegula Play Store ndinapeza kuti foni inali itadzaza, moti pulogalamuyi inatsalira pa yakale. Ndinafufuta mavidiyo a m'magulu, ndinalumikiza Wi-Fi, kenako ndinadina Update. Tsiku lomwelo batani silinabwerebe, poti zatsopano zimafikira anthu pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi. Patapita masiku angapo linaonekera lokha. Uthenga umakonzeka mkati mwa mphindi 15 zokha chiutumizireni, ndipo wolandira amaona kuti wakonzedwa.