Momwe mungakonzere mafuta ndi bwalo losungira pa ulendo wa ndege wopita ku Mangochi

Ndege zing'onozing'ono zobweretsa alendo kunyanja zimatera pa bwalo la Club Makokola, koma woyendetsa sanyamuka ku Lilongwe asanadziwe komwe angakatere bwalolo likamukanika. Achinyamata ofuna ntchito yokonza maulendo a ndege, masamu ake amayenda motere, potsatira malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, a mu gawo lotchedwa Annex 6.

Choyamba, werengani malipoti a nyengo otchedwa METAR ndi TAF, muone momwe kudzakhalire pa nthawi yofika, osati yonyamuka yokha.

Chachiwiri, sankhani bwalo losungira, kutanthauza bwalo lina lokaterapo ngati kutera ku Mangochi kwakanika. Apa m'pamene pafunika mutu. Kwa Mangochi maganizo amathamangira ku Chileka, komatu m'miyezi ya June ndi July, mwera ukuvutitsa kunyanja, ku Blantyre nako chiperoni chimatha kuphimba mapiri. Bwalo losungira lomwe nyengo yake yaipa limodzi ndi ya komwe mukupita silikuthandizani, ndiye yerekezaninso ndi la Kamuzu ku Lumbadzi. Funsani ngati lidzakhale lotsegula pa ola lomwe mungafike, ngati lili ndi magetsi a usiku, komanso ngati mafuta akupezeka. Amalawi sitinaiwale za pa 10 June 2024, pamene ndege yomwe inanyamula Dr Saulos Chilima inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, n'kugwa ku Chikangawa. Nkhani ya nyengo si yoitenga mopepuka.

Chachitatu, phatikizani mafuta oyendera pansi musanauluke, a ulendo weniweniwo, ndi okafikira ku bwalo losungira mutalephera kutera.

Chachinayi, onjezani mafuta a zadzidzidzi, monga mphepo yowomba kutsogolo kapena kuzungulira mtambo wa mvula. Lamulo likuti akhale 5 pa 100 alionse a mafuta a ulendo, koma asachepere omwe ndege ingadye mphindi 5 ikuzungulira mamita 450 pamwamba pa bwalo. Tiyerekeze kuti ulendo ukufuna makilogalamu 140: gawo lija likupereka 7. Ngati ndegeyo imadya 180 pa ola pozungulira, mphindi 5 ndi makilogalamu 15. Lembani 15. Pa maulendo aafupi ngati athuwa, kawirikawiri nambala yachiwiriyi ndiyo imakula.

Chachisanu, ikani mafuta otsiriza: a mphindi 30 kwa ndege ya injini ya turbine (ya mtundu wa jeti), a mphindi 45 kwa ya pisitoni (yofanana ndi ya galimoto). Awa si oti adyedwe pa ulendo, ayenera kutsala ndege ikatera. Woyendetsa akaona kuti adzatera atawadyako, amayenera kulengeza pa wailesi kuti "MAYDAY MAYDAY MAYDAY FUEL".

Pomaliza, onani kulemera. Mangochi kumatentha, makamaka mu October ndi November, ndipo mpweya wotentha umachititsa ndege kufuna msewu wautali ponyamuka. Kulemera kukapyola muyezo, tsitsani katundu kapena munthu mmodzi adikire ulendo wina, mafuta musawakhudze. Kenako perekani pepalalo kwa kaputeni, yemwe ali ndi mphamvu yowonjezera mafuta ena asanasaine.