Woimba akamadzimva mochedwa m'mahedifoni

Woimba akaima pa maikolofoni n'kudandaula kuti mawu ake akumubwerera mochedwa, ngati akuimbira m'chitsime, musamuuze kuti azolowera. Vutolo si lake. Opanga nyimbo amalitcha latency, ndipo limabwera chifukwa mawu sachoka pakamwa n'kufika m'khutu mwachindunji. Sound card (kabokosi kolumikizako maikolofoni ndi mahedifoni) imawasandutsa manambala, manambalawo amadutsa pa chingwe cha USB kulowa mu pulogalamu monga FL Studio, Cubase kapena Reaper, kenako amabwereranso njira yomweyo. Ulendo umenewu umadya nthawi.

Nthawi yambiri imathera pa buffer. Kompyuta silandira mawu pang'onopang'ono. Imadikira kuti akwane kaye mulu, monga mmene munthu amadikirira ndowa kuti idzaze pa mjigo asanasenze. Muluwo ndiye buffer, ndipo umawerengedwa mu ma sample (tizidutswa ta mawu). Masamu ake ndi osavuta: gawani buffer ndi sample rate (kuchuluka kwa ma sample pa sekondi), n'kuchulukitsa ndi 1,000 kuti mupeze mamilisekondi. Pa sample rate ya 48,000 Hz, buffer ya 128 ndi mamilisekondi 2.7, ya 256 ndi 5.3, ya 512 ndi 10.7, ya 1024 ndi 21.3. Koma apa mwawerenga mbali imodzi yokha. Mawu amadikira polowa, amadikiranso potuluka, ndiye sound card ndi driver (kapulogalamu koyendetsa sound card) nazonso zimaonjezerapo kanthawi kake. N'chifukwa chake buffer ya 256 imachedwetsa mawu kupitirira mamilisekondi 11, ndipo ya 1024 imadutsa 42.

Kodi zimenezi n'zambiri? Mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa milisekondi imodzi mu mpweya. Woimba gitala amene waima mamita atatu kuchokera pa sipika yake amamva mawu atachedwa pafupifupi mamilisekondi 9, ndipo sadandaula. Woimba ndi pakamwa ndiye amavutika msanga, popeza amadzimva kawiri: kudzera m'mafupa a mutu wake nthawi yomweyo, komanso m'mahedifoni pambuyo pake. Mawu awiriwa akakumana amaphwanyana, n'kumamveka opyapyala ngati akutuluka mu paipi. Woimbayo amayamba kukokera nyimbo m'mbuyo kapena kuphonya kiyi, inu n'kumaganiza kuti sanakonzekere.

Choyamba onani driver. Pa Windows sankhani ASIO, njira imene kampani ya Steinberg inapanga kuti pulogalamu izilankhula ndi sound card mwachindunji. MME ndi DirectSound zimachedwa kwambiri, si zojambulira munthu akudzimvera. Ngati opanga sound card yanu ali ndi driver yawo ya ASIO, ikani imeneyo. ASIO4ALL ikhale ya pamene palibe ina. A Mac alibe nkhawa imeneyi, Core Audio imabwera kale. Mahedifoni a Bluetooth aikeni pambali, chifukwa okhawo kawirikawiri amaonjezera mamilisekondi opitirira 100.

Kenako tsitsani buffer kufika pa 128, muyese. Mukamva kuthetheka, mawu akudukaduka, ndiye kuti kompyuta ikulephera kumaliza ntchito ndowa yotsatira isanafike. Kwezani pa 256. Musanataye mtima, tsekani intaneti ndi mapulogalamu ena, ndipo ikani Windows pa High performance. Apa tichenjezepo amene amajambula ndi laputopu: magetsi akathima n'kuyamba kuyendera batire, makina ambiri amadzichepetsera liwiro okha, ndiye buffer imene imayenda bwino m'mawa imayamba kuthetheka masana.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Ma plugin (timapulogalamu tokonzera mawu) ena, makamaka limiter ndi linear phase EQ zimene timakonda kuika pa master, potulukira nyimbo yonse, amasunga mawu kaye kuti aone zimene zikubwera, ndipo pulogalamu imachedwetsa china chilichonse kuti zifanane. Buffer ikhoza kukhala 64 koma woimba n'kumadzimvabe mochedwa. Zimitsani zimenezi pojambula. Cubase ili ndi batani la Constrain Delay Compensation, Logic ili ndi Low Latency Mode. Ngati biti (nyimbo ya zida zokha) ili ndi zida zambirimbiri, itulutseni ikhale fayilo imodzi ya WAV, mujambulire mawu pamenepo. Kujambula ndi kusakaniza ndi ntchito ziwiri zosiyana: posakaniza kwezani buffer mpaka 1024, palibe chimene chingaonongeke.

Njira yodalirika koposa kwa woimba ndi direct monitoring. Apa sound card imatumiza mawu a maikolofoni m'mahedifoni asanalowe n'komwe mu kompyuta, ndiye kuchedwa kumakhala kosamveka ngakhale buffer ikhale yaikulu. Pa Focusrite Scarlett ndi Behringer UMC22 pali batani lake, pa PreSonus AudioBox USB 96 pali kopotokola kolembedwa Mixer. Mukayatsa, zimitsani monitoring (kudzimvera) ya pa track mu pulogalamu. Zonse ziwiri zikakhala zoyaka woimba amadzimva pawiri, ndipo ili ndi vuto limene timakumana nalo kawirikawiri m'masitudiyo a kunyumba. Akamadzimva khutu limodzi lokha, sinthani direct monitor ikhale pa mono ngati sound card yanu imalola.

Koma njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo muyenera kuwadziwa kasitomala asanafike. Mawu amene woimba akumva ndi ouma, opanda reverb (kumveka ngati ali m'holo), opanda compressor (yolinganiza mphamvu ya mawu), opanda Auto-Tune (yowongola kiyi), popeza zonsezi zili mu kompyuta imene mawuwo ailambalala. Wa gitala yamagetsi amene amadalira amp ya mu pulogalamu amangomva nsambo zokha. Wa kiyibodi ya MIDI ndiye sathandizidwa n'komwe, chifukwa mawu a piyano yake amabadwira mu kompyuta momwemo; kwa iye palibe kuchitira mwina koma buffer yaing'ono ndi pulojekiti yopepuka.

Za reverb zili ndi mankhwala ake. Siyani mawu ouma adutse pa direct monitor, ndiye mu pulogalamu tumizani maikolofoni ku reverb yoikidwa pa 100% wet (kuti izitulutsa reverb yokhayokha), osatulutsa mawu oumawo kachiwiri. Reverb ikachedwa mamilisekondi 20 palibe amadandaula, chifukwa ngakhale m'tchalitchi mawu amabwerera pambuyo. Woimba amamasuka, ndipo zimene mwajambula zimakhalabe zoyera. Auto-Tune yokha ndiyo singachitidwe chonchi; ngati woimba sangaimbe popanda kuimva, muyenera kudutsa mu kompyuta ndi buffer ya 64 kapena 128.

Tsiku lina muyesenso ngati zimene mwajambula zikugwera pamalo pake. Lumikizani chingwe kuchokera ku output ya sound card kupita ku input yake, zimitsani monitoring yonse ndi phantom power ya 48V, tsitsani gain, sewerani kaphokoso ka metronome n'kukajambula pa track ina. Kuzani mafunde awiriwo pa sikirini. Akasiyana, werengani ma sample a pakati pake, mulembe nambalayo pa recording offset ya pulogalamu yanu. Mukasintha sound card kapena sample rate, bwerezani.