Galimoto yobedwa yapezeka koma ignition idathyoledwa: chitani izi

Apolisi akakuimbirani kuti galimoto yanu yapezeka, mtima umafuna kungokhalamo n'kuiliza. Dikirani kaye. Akuba ambiri amathyola ignition (polowetsa kiyi) ndi sikuludiraiva, ena amasomola mawaya a pansi pa chiwongolero, ndipo galimoto yotere ikalizidwa mwachisawawa mawaya akhoza kupsa.

Yambani ndi mapepala. Tengani blue book ndi chiphaso chanu, muonetsetse kuti nambala ya chassis ikugwirizana ndi ya m'bukumo, ndipo apolisi akupatseni kalata yoti galimoto yabwezedwa kwa mwiniwake. Popanda kalatayi mukhoza kugwidwa pa rodibuloko ngati kuti wakuba ndinu. Jambulani zithunzi za malo onse owonongeka musanakonze kanthu, chifukwa a inshuwalansi adzazifuna.

Kenako tsegulani boneti, muchotse waya wa negative (wa chizindikiro cha -) pa batire, mudikire mphindi zingapo. Yang'anani oyilo, madzi ndi mafuta a mabuleki. Wakuba sasamala injini ya mwini. Pansi pa chiwongolero, waya aliyense wosendeka kapena wopsa muuone bwino, koma a chikasu musawakhudze konse, amenewo ndi a airbag, thumba la mpweya lomwe limafufuma pa ngozi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaitana mnyamata woti agwiranitse mawaya kuti galimoto ingofika kunyumba. Musalole. Loko ya chiwongolero ikakhala yothyoka mwatheka, ikhoza kugwira muli pa liwiro, chiwongolero n'kukana kukhota pakona. Kukoka ndi chingwe nakonso sindingakulimbikitseni: injini ikakhala yozima mabuleki amalimba, chiwongolero chimalemera, ndipo giyabokosi ya automatic imawonongeka ikakokedwa mtunda wautali. Lipirani breakdown yonyamula galimoto yonse pamwamba.

Ku galaja pezani katswiri wa zamagetsi a galimoto. Iye achotse ignition yakaleyo pamodzi ndi loko, aike ina, alumikize mawaya ndi kuwakuta bwino, asinthenso mafyuzi opsa. Ngati kiyi wanu ali ndi chip (kachipangizo ka m'kati mwa kiyi komwe galimoto imamuzindikira nako), kiyi watsopano ayenera kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto, apo ayi injini idzangozungulira osalira. Muuzeni afufutemo makiyi akale, ndipo ngati akuba adatenga kiyi weniweni, sinthaninso maloko a zitseko.

Ikalira, isiyeni itenthe pamalo omwewo, mukhotetse chiwongolero mbali zonse, muyese mabuleki ndi magetsi musanatulukire mumsewu.