Momwe mungajambulire nkhope za anthu kumapiri a ku Tibet

Mzinda wa Lhasa, likulu la Tibet, uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,650, kuposa nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje yomwe ndi mamita 3,002. Ndiye musanagwire kamera, ganizirani kaye za mapapo anu.

Yambani ndi chilolezo. Viza ya ku China payokha sikulowetsani ku Tibet. Pamafunikanso Tibet Travel Permit, yomwe amakukonzerani ndi a kampani yoyendetsa alendo, ndipo kulikonse mumayenda ndi wokuperekezani wawo. Muuzeni msanga kuti mwadzera zithunzi, apo ayi azikufikitsani pamalo okongola dzuwa lili paliwombo.

Masiku awiri oyamba pumulani mu Lhasa momwemo. Wothamangira kunyanja ya Namtso, pamamita oposa 4,700, amangopuma mwawefuwefu, mutu ukuwawa, manja akunjenjemera.

Tsopano nkhani yaikulu ndi kuwala. Dzuwa la kumeneko ndi lakuthwa zedi. Masana limaika mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa mphuno, wojambulidwayo n'kumangotsinzina. Jambulani dzuwa litangotuluka kapena likupendeka. Samalani ndi wotchi, chifukwa China yonse imayendera nthawi ya ku Beijing: ku Lhasa mu June dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, pomwe mu December limatuluka 9 koloko m'mawa itayandikira. Zikavuta kuti mujambule masana ndithu, muimikeni munthuyo pamthunzi moyang'anizana ndi khoma loyera. Makoma otere ndi ambiri, ndipo amabwezera kuwala kofewa kumaso popanda kulipira kalikonse.

Chipale chofewa ndi madzi a m'nyanja zimapusitsa kamera. Iyo imaona ngati kwawala kwambiri, ndiye imadetsa nkhope. Kwa ife akhungu lakuda vutoli limakula, munthu amasanduka chithunzithunzi chabe. Yezerani kuwala pankhope, kapena kwezani exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera) mpaka pa +1, ndipo jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona) kuti thambo mudzalikonze pa kompyuta.

Ambiri amakonda lenzi ya 85mm pa f/1.8 (kabowo ka lenzi kotseguka kwambiri) kuti kumbuyo kuzimiririke. Ine sindiona nzeru yake ku Tibet. Mwawononga ndalama zonsezo kuti phiri lisaoneke? Chepetsani kabowoko, ikani pa f/5.6 kapena f/8. Mukafuna kuti phiri lioneke ngati lili pamsana pa munthu, bwererani m'mbuyo ndi lenzi yaitali. Potala Palace, nyumba yachifumu yotchuka ya mu Lhasa, imakwana bwino mukaima pakaphiri ka Chakpori, pomwe imaoneka monga ilili pa ndalama ya ku China ya 50 yuan.

Pofika kwa eni dziko, ulemu patsogolo. Pamsewu wa Barkhor opembedza amazungulira kachisi wa Jokhang motsata mmene mivi ya wotchi imayendera, inunso yendani chomwecho. Perekani moni wa "tashi delek", lozani kamera, dikirani avomere. Agogo akapukusa mutu, asiyeni. Munthu amene wagona chafufumimba akupemphera si womuloza lenzi kumaso. Mukajambula, muonetseni chithunzicho. Nthawi zambiri chachiwiri, chomwe mumajambula akuseka atadziona, ndicho chimakoma.

Kunyanja ya Yamdrok kuli anthu okhala ndi ng'ombe zaubweya zotchedwa yak ndi agalu akuluakulu ovekedwa zokongoletsa. Imeneyo ndi bizinesi, gwirizanani mtengo musanadine batani. M'kati mwa akachisi ambiri kujambula n'koletsedwa kapena n'kolipira. Asilikali, apolisi ndi malo ochitira chipikisheni musayerekeze n'komwe. Zithunzi za Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa anthu a ku Tibet, n'zoletsedwa, ndipo musafunse anthu zandale kamera ili m'manja. Inu mudzakwera ndege, milandu idzatsalira iwo.

Kuzizira kumadya batire msanga, choncho yapadera isungeni m'thumba lam'kati mwa jekete. Mukalowa m'nyumba yofunda, kamera isiyeni kaye m'chikwama chotseka kwa theka la ola kuti lenzi isachite nkhungu.