Momwe mungabisire geocache mukamakwera phiri

Zokwera phirizo sinditayapo nthawi, nsapato zogwira bwino, madzi, jekete, kunyamuka m'mamawa, mukuzidziwa kale. Nkhani ili pa geocache, kachidebe kamene mukabise m'njiramo kuti ena adzakafune ndi GPS.

Yambani ndi chidebecho. Musanamizidwe ndi zija amagulitsa pa intaneti zotchipa kwambiri atalemba kuti sizilowa madzi, tsegulani chivundikiro muone ngati chili ndi kalabala kozungulira, ngati palibe ndiye mvula ikangogwa kangapo kabuku kamene okapeza amalembamo mayina awo kanyowa mpaka mapepala kumatana. Kabukuko kalowe m'kapulasitiki kotseka, ndipo muikemo pensulo osati bolopeni. Zodya ayi, nyama zimanunkhiza n'kuswa chidebe.

Malo ake, malamulo a Geocaching.com, webusaiti yolembetserapo ma geocache, amaletsa kukumba, amafuna chilolezo cha eni malo, komanso pakhale mamita osachepera 161 kuchoka pa geocache ina. Pansonga penipeni ine sindibisapo, pamadzadza anthu ojambulitsa ndipo wina akaona mukusuzumira pansi pa mwala basi kachidebe kapita. Tsikani pang'ono, koma osati kuphompho.

Tsopano manambala a GPS osonyeza malo, apa mpamene pamavuta. GPS ya anthu wamba inayamba kulondola bwino mu May 2000 boma la America litasiya kuisokoneza dala, tsiku lotsatira munthu wina dzina lake Dave Ulmer n'kubisa ndowa, geocache yoyamba, ku Oregon ku America komweko, koma mpaka lero ukaima m'munsi mwa thanthwe GPS imanama. Thanthwe limatchinga mbali ina ya thambo, ndiye siginolo ya masetilaiti imayamba yagunda mwala isanafike pafoni, kadontho kabuluu kosonyeza pomwe uli pamapu n'kumangodumphadumpha iwe uli chiimire. Kachidebe kanga kena ndinakaika pamng'alu wa thanthwe foni ikuonetsa kuti zonse zili bho, anthu n'kumakagwira minga kutsidya la kamtsinje, aliyense kumangolemba kuti sanakapeze. Pamalo athyathyathya kuphonya mamita 15 si nkhani, koma paphiri ndiye kuti munthu ali pamwamba pa thanthwe kachidebe kali pansi pake. Ndiye ikani foni pansi kumwamba kukuoneka, idikireni mphindi zingapo ikhazikike, lembani manambala, chokanipo mubwererenso kudzera mbali ina, mulembenso, kangapo ndithu, mutenge apakatikati. Ma app ena amachita okha zimenezi. Pomaliza dziyeseni mlendo, tsatirani manambalawo muone kumene akukufikitsani. Akakanabe, sunthani kachidebe kachoke pathanthwepo, ndipo kachidziwitso kothandiza ofuna kakhale komveka.

Zotsalazo n'zachidule. Mukafika kunyumba lembani tsamba la geocache yanu pa Geocaching.com, perekani mlingo wa kuvuta kwa njira pakati pa 1 ndi 5 mosanama, tumizani kwa woyendera amene amavomereza, dikirani. Kumbukirani kuti kakanyowa kapena kusowa wokakonza ndinu nomwe, ndiye musabise paphiri lomwe simudzakweranso.