Othawa madzi ayambire pa dimba, chimanga chibwere pambuyo

Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera anasowa pogona. Ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe ambiri anakhala miyezi m'makalasi ndi m'matchalitchi, ndipo ena anasamukiratu kumtunda, kumalo a eni. Minda yawo ina inakwiririka ndi mchenga, ina ndi miyala yochokera kuphiri.

Munthu wotere tikamupatsa thumba la mbewu ya chimanga ndi feteleza, timaiwala kuti chimanga chimadya miyezi inayi chisanabweze kanthu, pomwe mchere, sopo ndi kope la mwana zikufunika lero. N'chifukwa chake fetelezayo timakamupeza pamsika. Musamuweruze msanga, njala ndiyo yagulitsa.

Choyamba ndi malo. Wosamuka alibe dimba lake, amabwereka kapena kuchita lendi. Mgwirizanowo ukachitikire pamaso pa a nyakwawa, ulembedwe pa pepala: malire, nyengo zingati, ndi zimene mwini malo alandire. Mgwirizano wapakamwa umakoma tsiku lolima, koma tomato akayamba kufiira, mphwake wa mwini munda amatulukira n'kunena kuti malowo ndi a banja. Ndi bwinonso kuti m'gulu la alimi mukhale eni mudzi angapo, chifukwa thandizo likamadutsa pakhomo pawo n'kupita kwa alendo okha, nsanje siichedwa.

Musanafese, pitani kumsika. Khalani tsiku la msika pa Nchalo kapena pa Bangula, muone chimene chimatha dzuwa lisanakwere, mufunse amayi ogulitsa kuti amapikula kuti. Gulu lonse likadzala mpiru tsiku limodzi, mudzaugulitsa mtengo wogwetsa ulesi. Fesani mosiyanitsa, mabedi awiri kapena atatu sabata iliyonse. Mpiru, repu, tchainizi ndi bonongwe zimayamba kuthyoledwa pakatha mwezi ndi masabata ochepa, ndipo khasu, kheni ndi manyowa zikukwanirani poyambira. Pampu yopalasa idzabwere gulu likakhazikika, pakhalenso munthu wodziwika woisunga ndi kuikonza.

Ine ndimakonda kwambiri mbatata yofiira mkati, monga Kaphulira, Kadyaubwerere ndi Chipika. Ili ndi vitamini A, kholowa wake ndi ndiwo, ndipo pali malonda amene ambiri sawaona: mbewu yake. Madzi osefukira amapha mbewu ya mbatata m'dera lonse, choncho amene waisunga pa dimba m'chilimwe amaigulitsa m'mitolo mvula ikagwa. Onetsetsani kuti mukudula ku mbatata yathanzi, yopanda masamba opiringizika.

Za ziweto, yambani ndi nkhuku zachikuda, misoti inayi kapena isanu ndi tambala. Koma osapereka nkhuku popanda katemera wa chitopa. Katemera wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, ndipo abwerezedwe miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Mbuzi zidikire kaye, pamalo obwereka zimangoputa milandu zikalowa m'dimba la mnansi.

Ndalama ya masamba imalowa pang'onopang'ono ndipo imatha osaiona. Gulu likhale ndi banki m'khonde kuyambira sabata yoyamba yogulitsa, ngongole yoyamba ikhale yogulira mbewu ndi kulipira lendi ya dimba la chaka chamawa. Lendiyo lipirani mukangokolola, ena asanakapereke yochuluka kwa mwini malo.