Kusankha digiri mukalandira zotsatira za MSCE

Mwafunsa kuti mungasankhe bwanji maphunziro a kuyunivesite amene adzakufikitseni pa ntchito yomwe mukuifuna. Poyamba, yang'anitsitsani zotsatira zanu, chifukwa mayunivesite aboma amafuna makirediti osachepera 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pulogalamu iliyonse ilinso ndi zofuna zake, moti udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS umafuna kuti mukhale mutakhoza bwino Biology, Chemistry, Physics ndi masamu.

Kenako ganizirani ntchitoyo musanaganizire dzina la digiri. Pezani munthu amene akuigwira kale, mumufunse zimene anaphunzira ndiponso ngati pamafunika kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyo, monga Medical Council of Malawi kapena Nurses and Midwives Council of Malawi, popeza madokotala ndi anamwino opanda chilolezo cha mabungwe amenewa salembedwa ntchito m'chipatala ngakhale digiri ali nayo. Ophunzira ambiri amapupuluma pamenepa, ndipo ndikukupemphani kuti inu mufatse.

Mukatero, onani mndandanda wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi mayunivesite, kuti mutsimikize kuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka, makamaka ngati koleji yake si yaboma. Polemba fomu yofunsira malo kuyunivesite, musasankhe mapulogalamu olimbiranidwa okhaokha. Ikaniponso ena ogwirizana ndi maphunziro amene munakhoza, monga zaulimi ku yunivesite ya LUANAR. Ngati fizi ikuvuta, pemphani ngongole ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama za maphunziro kwa ophunzira a kuyunivesite, mukangosankhidwa.